Mawanga ndi Mafunde: Masamu a Kamwazikidwe ka Zolusa ndi Zodyedwa

1.0 Mau oyamba

Aliyense amene anayang'anapo munda wogwidwa ndi tizirombo adziwa kuti tizirombo sitigwa mofanana paliponse. Mbali ina ya munda imaonongeka kotheratu pamene mbali ina, yotalikirana ndi mapazi ocepa cabe, masamba ali biriwiri. Kawirikawiri timanena kuti cifukwa cake ndi malowo: pano nthaka ndi yaconde, apo pali cinyontho, uko kuli mthunzi. Nthawi zambiri yankho limeneli limakhala loona. Koma akatswiri a masamu aonetsa kuti mawanga otere angabadwe ngakhale pa malo ofanana ponseponse, malinga pakhale zamoyo ziwiri, cina cikudya cinzake, ndipo ziwirizo zikuyenda pa liwiro losiyana. Colinga ca nkhani ino ndi kufotokoza mmene ganizo limeneli linakulira, mmene masamu ake amagwirira nchito, ndiponso umboni umene wapezeka kuthengo.

Tiyambe ndi kumasulira mau amene tidzagwiritsa nchito. Tikati zolusa sitikunena mikango ndi afisi okha, koma camoyo ciriconse cimene cimakhala ndi moyo pakudya cinzake, ngakhale kakhale kakang'ono kosaoneka ndi maso. Zodyedwa ndizo zimene zolusazo zimadya. Cifanizo ca masamu ndico ziganizo za masamu zolembedwa kuti zifanizire cinthu ca m'cilengedwe, potenga mfundo zake zikuluzikulu ndi kusiya zina zonse. Mawanga ndiwo malo amene zamoyo zaunjikana, olekanitsidwa ndi malo amene zili zocepa.

2.0 Kukwera ndi kutsika: cifanizo ca Lotka ndi Volterra

Nkhaniyi iyambira ku nyanja ya Adriatic. Katswiri wa zamoyo wa ku Italy, Umberto D'Ancona, anafufuza mabuku a misika ya nsomba ya ku Trieste, Fiume ndi Venice, napeza cinthu codabwitsa. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse usodzi unacepa kwambiri, koma nsomba zimene zinapindula ndi mpumulowo zinali zolusa, monga shaki. Pa msika wa Fiume, mwa nsomba 100 zirizonse zolusa zinali pafupifupi 12 mu 1914, koma pofika mu 1918 zinali 36. Usodzi utabwerera mwakale, ciwerengeroco cinatsikanso. D'Ancona anapereka funsoli kwa Vito Volterra, katswiri wa masamu amene anadzakhala mpongozi wake, ndipo yankho linasindikizidwa mu 1926. Ku America, Alfred Lotka anali atalemba kale ziganizo zomwezo payekha m'buku lake la mu 1925.

Tinene kuti N ndi kuculuka kwa zodyedwa ndipo P ndi kuculuka kwa zolusa. Ziganizozo ndi izi:

dN/dt = aN − bNP
dP/dt = cNP − mP

Cizindikiro dN/dt ciwerengedwa kuti "liwiro limene N ikusinthira". Ciganizo coyamba cikuti zodyedwa zimaswana pa mlingo a, ndipo zimacepa nthawi iliyonse zikakumana ndi zolusa. Caciwiri cikuti zolusa zimaculuka molingana ndi zimene zadya, ndipo zimafa pa mlingo m. Kukumana kwalembedwa NP cifukwa mwai wakuti ziwirizi zikumane umakula pamene ciriconse ca izo caculuka.

Ziganizozi zimabala zinthu ziwiri. Coyamba, ziwerengero zimakwera ndi kutsika mosalekeza, zolusa zikutsatira pambuyo: zodyedwa zikaculuka zolusa zimanenepa ndi kuswana, zolusa zikaculuka zodyedwa zimacepa, kenaka njala igwera zolusa, ndipo zodyedwa zipezanso mpata. Caciwiri, tikatenga ciwerengero ca pakatikati pa nyengo yonse, zodyedwa zimakhala m/c ndipo zolusa zimakhala a/b. Tsopano ngati msodzi akupha mitundu yonse iwiri pa mlingo h, zodyedwa zimakwera kufika pa (m + h)/c pamene zolusa zimatsika kufika pa (a − h)/b. Ili ndilo linali yankho la funso la D'Ancona. Alimi a malalanje a ku California anaona zomwezi m'zaka za m'ma 1940: mankhwala a DDT anapha kacikumbu kolusa kamene kanatengedwa ku Australia ca m'ma 1888, ndipo kacirombo koyamwa mitengo kamene kacikumbuko kankadya kanabukanso.

Ngakhale ziri conco, cifanizoci ciri ndi mpata waukulu. Mulibe liu lonena za malo. Cimaganiza kuti zamoyo zonse ziri ngati mcere ndi madzi mu mphika wotakasidwa bwino, kotero kuti colusa ciriconse cingakumane ndi codyedwa ciriconse nthawi iliyonse.

3.0 Malalanje a Huffaker

Mphika wotakasidwa bwinowo unayesedwa. Ku Moscow, Georgii Gause anaika m'kabotolo tamoyo tiwiri tosaoneka ndi maso, Paramecium ndi kolusa kake Didinium, nafotokoza zotsatira m'buku la mu 1934. Kukwera ndi kutsika kosalekeza kuja sikunaoneke. Didinium anadya Paramecium yense, nafa ndi njala. Gause ataika matope pansi pa botolo kuti Paramecium abisalemo, zodyedwa zinapulumuka koma zolusa zinatha. Mitundu yonse iwiri inapitirira pokhapokha iye ataonjezamo tamoyo tina tocokera kunja nthawi ndi nthawi.

Mu 1958 Carl Huffaker wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anaunikira nkhaniyi mwatsopano. Iye anagwiritsa nchito tizirombo tiwiri tating'ono ta mtundu wa akangaude: kena kodya khungu la lalanje, kena kodya kanzakeko. Pa malalanje ocepa oyandikana, zinacitika ngati za Gause. Ndipo Huffaker anayala malalanje 120, lirilonse litakutidwa kusiya kagawo kamodzi mwa magawo 20. Pakati pake anapaka mizere ya Vaseline yochinga njira ya toyenda pansi, naimika timitengo kuti todyedwa, timene timatha kuuluzika ndi mphepo titalendewera pa ulusi wake, tikwerepo ndi kuolokera kwina. Tolusa tinalibe luso limeneli. Pamenepo mitundu yonse iwiri inakhala pamodzi kwa miyezi yoposa 6, ndipo ziwerengero zinakwera ndi kutsika katatu.

Pa lalanje lirilonse palokha nkhani inali yomwe ija: todyedwa tifika, ticuluka, tolusa titipeza, titha. Cimene cinasintha ndi cakuti tsokalo silinagwe pa malalanje onse nthawi imodzi. Pamene lalanje lina linali kutha, lina linali litangolandira alendo. Anali masewera a cibisalirano, ndipo cimene cinasunga mitundu iwiriyi cinali mtunda wa pakati pa malalanje pamodzi ndi kusiyana kwa kayendedwe.

4.0 Kumwazika

Kuti malo alowe m'masamu, pafunika njira yolembera kuyenda. Njira yapafupi ndiyo kuganiza kuti camoyo ciriconse cimayenda cisawawa, mosasankha kolowera. Camoyo cimodzi sitingadziwe kumene cidzafika, koma khamu lonse limatsata lamulo lodziwika: limacoka kumene kuli zambiri kunka kumene kuli zocepa, monga dontho la inki m'kapu ya madzi. Kumeneku ndiko kumwazika. Polemba, timaonjezera ku ciganizo ciriconse gawo lina loyerekeza kuculuka kwa pano ndi kwa malo oyandikana nawo. Ngati pano pali zambiri kuposa pambali, pano pataya. Ngati pali zocepa, palandira. Mphamvu ya kumwazikako imaimiridwa ndi cilembo D.

Mu 1937 Ronald Fisher ku Britain, ndiponso Kolmogorov, Petrovskii ndi Piskunov ku Moscow, anaonetsa kuti kuswana kukaphatikana ndi kumwazika kumabala funde loyenda pa liwiro losasintha, limene ndi 2√(rD). Pano r ndi mlingo wa kuswana pamene zamoyozo zikali zocepa, ndipo cizindikiro √ citanthauza nambala imene ikaculukitsidwa ndi iyo yokha ipereka imene ili mkatimo. Mwacitsanzo, tingoyerekeza kuti r ndi 1 pa caka ndipo D ndi 25: rD ndi 25, √25 ndi 5, ndipo funde liyenda makilomita 10 pa caka. Kuti liwiro liwirikize kawiri, D ayenera kuwirikiza kanai. Mu 1951 J. G. Skellam anayesa lamuloli ndi mbiri ya khoswe wamkulu wa m'madzi wochedwa muskrat, amene anacokera ku North America namasulidwa pafupi ndi Prague mu 1905. Anapeza kuti malire a dera la nyamayi anasuntha pa liwiro lofanana caka ndi caka, monga masamu ananenera.

Mwa cibadwa cake kumwazika kumafafaniza kusiyana. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo inki imene yasungunuka sibwereranso kukhala dontho. Cotero munthu angayembekeze kuti kuyenda kwa zamoyo kuyenera kufufuta mawanga onse. Apa ndi pamene pagona cozizwitsa ca nkhani yathu.

5.0 Mawanga obadwa okha

Mu 1952 Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, anasindikiza pepala lofunsa mmene mluza, umene umayamba wofanana mbali zonse, umapezera maonekedwe ake. Anaonetsa kuti ngati pali mankhwala awiri okhudzana, ndipo amwazika pa liwiro losiyana, kumwazika komweko kungagwedeze mkhalidwe umene ukanakhala wokhazikika, ndi kubala mawanga kapena mizere. Mu 1972 Lee Segel ndi Julius Jackson anaona kuti mmalo mwa mankhwala awiriwo tingaike zodyedwa ndi zolusa.

Kuti izi zitheke pafunika zinthu zitatu. Coyamba, zodyedwa ziyenera kupindula ndi kuculuka kwake komwe. Izi zimacitika pamene khamu limadziteteza bwino kuposa camoyo cimodzi, pamene zazimuna ndi zazikazi zimapezana msanga, kapena pamene zolusa zakhuta. Mfundo ya kukhutayi inafotokozedwa bwino ndi C. S. Holling mu 1959: colusa cimataya nthawi pogwira ndi pakudya, motero sicingadye mopitirira malire ngakhale cakudya cicuruke bwanji, ndipo codyedwa cimene ciri m'khamu lalikulu ciri ndi mwai wocuruka wopulumuka. Caciwiri, zolusa ziyenera kupsinjana zokhazokha zikaunjikana, pakulimbirana malo kapena pakudyana. Cacitatu, zolusa ziyenera kumwazika msanga kwambiri kuposa zodyedwa.

Tsopano titsate zimene zicitika. Tiyerekeze dambo lofanana ponseponse, mmene mitundu iwiriyi yakhazikika pa mlingo umodzi. Mwangozi cabe, pa malo ena zodyedwa zionjezeka pang'ono. Popeza kuculuka kumazithandiza, zionjezekabe, ndipo popeza siziyenda kwambiri, zikhala pomwepo. Zolusa za pamalopo zipeza cakudya cambiri ndipo ziswana. Zikanakhala zosayenda, zikanaunjikana pomwepo ndi kubweza zodyedwa pa mlingo wakale. Koma ndi zaliwiro, motero zambiri mwa izo zimwazikira kumbali. Pakati pa khamu zolusa zitsala zosakwanira kuligonjetsa, pamene m'mbali mwake zicuruka kuposa cakudya ca kumeneko, ndipo zipsinja zodyedwa za kumeneko. Cotsatira cake ndi wanga la zodyedwa lozingidwa ndi mpanda wa zolusa zimene wangalo ladyetsa lokha. Kutali, kumene mpandawo sufika, wanga lina lingathe kuyamba. Pomaliza dambo lonse likhala mawangamawanga ngati nthenga za nkhanga, ngakhale nthaka yake ndi imodzimodzi.

Masamu amaonjezera mfundo ziwiri zimene maganizo okha sangazipereke. Yoyamba ndi yakuti mtunda wa pakati pa mawanga suli wacisawawa: umawerengeka kucokera ku milingo ya kuswana, kufa ndi kumwazika. Yaciwiri icokera pa yoyambayo: ngati dera ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi mtunda umenewo, mawanga sangabadwe konse. Kukula kwa malo ndi mbali ya cifanizo, monganso kuswana ndi kufa.

Tiyenera kuchula pano kuti si cifanizo ciriconse cimene cimabala mawanga otere. Ziganizo za Lotka ndi Volterra, ngakhale tizionjezere kumwazika, sizitero, pakuti mulibe kuthandizana kwa zodyedwa kapena kupsinjana kwa zolusa. Cifanizo cochuka ca Rosenzweig ndi MacArthur ca mu 1963, cimene ciri ndi kukhuta kwa zolusa, naco sicitero ngati zolusa zimafa pa mlingo wosasintha. Zinthu zitatu zija ziyenera kukhalapo zonse. Mu 1976 Simon Levin ndi Lee Segel anagwiritsa nchito ganizoli pofotokoza cifukwa cake ndere zazing'ono zoyandama m'nyanja zimapezeka m'mawanga. Koma umboni woyamba woonekeratu wa mawanga a Turing, wa mankhwala enieni m'nyumba yoyesera, unapezeka ku Bordeaux ku France mu 1990, patapita zaka 38.

6.0 Mafunde ndi cipwirikiti

Mawanga a Turing amakhala pa malo amodzi. Pali mtundu wina wa maonekedwe umene umayenda, ndipo umabadwa pamene ziwerengero za pa malo alionse zimakwera ndi kutsika. Ngati dera lina lafika pacimake lero, loyandikana nalo mawa, lotsatira mkuja, woonera patali aona funde likuyenda. Ziri ngati mphepo pa munda wa mapira: phesi lirilonse liri pa malo pake, likungowerama ndi kuweramuka, koma funde lioneka likudutsa munda wonse.

Mu 1991 Michael Hassell, Hugh Comins ndi Robert May anatenga cifanizo ca Nicholson ndi Bailey ca mu 1935, conena za timavu timene timaikira mazira m'thupi la tizirombo tina. Pa malo amodzi cifanizoci cimathera ku imfa ya mitundu yonse iwiri nthawi zonse. Iwo anaciika pa kompyuta, m'bwalo logawidwa timabokosi tambiri, nalola gawo la tizirombo kusamukira ku timabokosi toyandikana pa mbadwo uliwonse. Mitundu iwiriyo inapitirira kukhala ndi moyo, ndipo panaoneka maonekedwe atatu: mafunde ozungulira ngati cigoba ca nkhono, mawanga okhazikika, ndi cipwirikiti cosabwereza maonekedwe ake. Mawanga okhazikika anaoneka pamene todyedwa tinali tosayenda kwambiri ndipo timavu tinali taliwiro, zimene zigwirizana ndi ganizo la Turing. Bwalo likacepa kwambiri, zonse zinatha. Apa masamu anabwereza phunziro la malalanje a Huffaker. Mu 1995 Jonathan Sherratt, Mark Lewis ndi Andrew Fowler anaonetsanso kuti pamene zolusa zilowa m'dera lodzala ndi zodyedwa, kumbuyo kwa funde lao kungatsale mafunde otsatizana kapena cipwirikiti, ngakhale ziganizo zake mulibe ca mwangozi ciriconse.

7.0 Umboni wa kuthengo

Kujambula mawanga pa kompyuta ndi kwapafupi. Kutsimikiza kuti mawanga a kuthengo anabadwa mwa njira yomweyo ndi nchito yaikulu. Umodzi mwa maumboni omveka bwino unacokera ku Bodega Bay, m'mphepete mwa nyanja ku California. Kumeneko mbozi za gulugufe wa usiku wochedwa Orgyia vetusta zinakhala zounjikana pa kadera kamodzi kwa zaka zambiri, ngakhale zitsamba zimene zimadya zinali ponseponse. Gulugufe wamkazi wa mtundu umenewu alibe mapiko, pamene nchenche ndi mavu amene amaikira mazira pa mbozizo ndi pa mazira ake amauluka kutali. Mu 1997 John Maron ndi Susan Harrison anafalitsa zotsatira za kuyesa kwao. Anaika timagulu ta tizirombo timeneti pa mitunda yosiyanasiyana kucokera pa wangalo. Timagulu tapafupi tinalephera kukula cifukwa ca adani ocokera m'wangalo, pamene takutali tinakula. Mpanda wa zolusa umene masamu ananeneratu unapezekadi.

Nkhani ya ku nkhalango ya Kielder, kumpoto kwa England, itipatsa cenjezo. Kumeneko mbewa za m'maudzu zimacuruka ndi kucepa pa zaka 3 kapena 4 zirizonse, ndipo mu 1998 Xavier Lambin ndi anzake anaonetsa kuti kukwera ndi kutsikako kumadutsa nkhalango ngati funde. Ambiri ankaganiza kuti woyambitsa ndi kanyama kolusa kofanana ndi likongwe, kamene cakudya cake cacikulu ndi mbewazo. Koma mu 2002 Isla Graham ndi Lambin anafalitsa zotsatira za kucotsa tinyama timeneti pa madera ena: mbewa zinatsikabe pa nthawi yake monga kwina konse. Funde linalipo ndithu, koma colusaco sicinali cokwanira kulifotokoza. Kufanana kwa cithunzi ca pa kompyuta ndi mapu a kuthengo si umboni, pakuti zifukwa zosiyana zingabale maonekedwe amodzi. Cifanizo cimayesedwa pa zimene cimaneneratu, ndipo woyesa ayenera kusuntha, kucotsa kapena kuchinga zamoyo kuti aone ngati zonenedwazo zicitika.

8.0 Tanthauzo lake pa ulimi ndi kasungidwe ka zamoyo

Mafunso amenewa anafika pa minda ya kuno kwathu. Kacirombo koyera koyamwa cinangwa, Phenacoccus manihoti, kanacokera ku South America ndipo kanaoneka koyamba mu Africa mu 1973, kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville. Popeza kanasiya adani ake kwao, kanafalikira ngati funde m'maiko olima cinangwa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kanaononga minda mu Zambia ndi m'Malawi. Bungwe la International Institute of Tropical Agriculture, motsogozedwa pa nchitoyi ndi Hans Herren, linatenga kamavu kochedwa Anagyrus lopezi ka ku Paraguay, nilikamasula ku Nigeria mu 1981, kenaka m'maiko ena ambiri kuphatikizapo athu ano. Kamavuko kanatsata funde loyambalo ndi funde lake. Sikanathe kacirombo konse, koma kanakatsitsa kufika pa mlingo wosaononga kwambiri. Ocita nchito yotere amakumana ndi mafunso akuti colusa cimasulidwe pa malo angati, otalikirana bwanji, ndipo cidzafika liti ku minda ya kutali. Awa ndi mafunso a r ndi D.

Kagawidwe ka malo nakonso kali ndi mphamvu. Mu 1987 Peter Kareiva ku America anaonetsa kuti atadula mzere wa zomera kukhala tizigawo tolekana, nsabwe za zomera zinabuka kawirikawiri, cifukwa tizikumbu tolusa tinacedwa kupeza magulu a nsabwezo akali aang'ono. Kwa osunga nyama zakuthengo phunziro liri mbali ziwiri. Madera akalekanitsidwa kotheratu, dera limene latha silingalandirenso alendo. Akalumikizidwa mopambanitsa, onse amakwera ndi kutsika pamodzi, ndipo tibwerera ku botolo la Gause. Mitundu iwiri imakhalitsa pakatikati pa ziwirizi.

9.0 Mau omaliza

Taona kuti ziganizo za Lotka ndi Volterra zinafotokoza kusintha kwa ziwerengero mu nthawi koma zinasiya malo. Kuti Gause ndi Huffaker anaonetsa kuti malowo ndi amene amalamula ngati zolusa ndi zodyedwa zingakhale pamodzi. Ndi kuti Turing, Segel ndi Jackson anapeza njira imene kumwazika kungabalire mawanga mmalo mowafufuta. Cotero tikaona tizirombo titaunjikana mbali imodzi ya munda, mafunso ndi awiri. Loyamba ndi lakale: kodi nthaka ya pamenepo ndi yosiyana? Laciwiri ndi limene masamuwa aonjezera: kodi cimene cimadya tizirombo timeneti n'ciani, ndipo pakati pa ziwirizi coyenda msanga ndi citi? Mlimi amene athira mankhwala asanafunse funso laciwirili angagwetse mpanda umene unali kuteteza mbali yotsala ya munda wake.